A Mabuleki Pampando wa Kumbuyo

Dzina lawo lenileni lili pa layisensi, ndipo limathera pomwepo. Kumsewu, kugalaja, ngakhale pakhomo pawo penipeni, ndi a Mabuleki basi. Aphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, pasukulu imodzimodzi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Galimoto yophunzitsira imakhala ndi buleki pawiri: kumapazi a wophunzira ndi kumapazi a mphunzitsi. Phazi lawo lamanja lakalambira pa buleki yachiwiriyo. Silipondapo kawirikawiri. Limangolendewera pamwamba pake, kudikira.

Si munthu wa mawu ambiri. Ola lathunthu la phunziro limatha ndi mawu owerengeka pa zala. "Galasi." "Pang'onopang'ono." "Msewu suthawa." Koma pali nkhani imodzi imene amalankhula mpaka kukamwa kuuma, ndiyo ya tsiku la mayeso. Wophunzira akatsala ndi sabata, amamuimitsa pamthunzi, kuzimitsa injini, n'kuyamba.

"Woyesa sakudziwani. Akuonani mphindi makumi awiri basi. Zanu zija zogwira chiwongolero ndi dzanja limodzi muzisiye kunyumba, mudzazipeza pobwera. Mukamayang'ana pagalasi tembenuzani mutu wonse, aone kuti mwayang'ana. Chimene chimakuvutani musamuuze, musamuonetse. Cholakwa chimene sanachione sichilembedwa."

Ambiri apambana ndi mawu amenewa. Ena a iwo lero akuyendetsa mabasi, ndipo akawaona a Mabuleki pamsewu amaliza hutala.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa anali pamaloboti ndi wophunzira wawo, mayi wina telala amene anali atalephera mayeso kawiri. Akudikira getsi lobiriwira, anamva m'chifuwa ngati injini yomwe pulagi imodzi yafa. Mtima unathamanga, n'kupunthwa, n'kukhala ngati waiwala, n'kuthamanganso. Maloboti anaoneka awiriawiri. Kwa kanthawi kochepa, kokwana kupuma katatu, sanadziwe kumene phazi lawo linali.

Sikanali koyamba. Zinawachitikirapo kubafa, zinawachitikiraponso akumanga zingwe za nsapato, ndipo sanauze munthu. Koma m'galimoto kanali koyamba.

"Aphunzitsi," anatero telala uja, "nkhope yanu yatuwa ngati choko changa chodulira nsalu."

"Getsi layaka. Tiyeni."

"Sindipita kulikonse ine."

Telala anawoloka mphambano, kuyatsa indiketa, n'kuimika galimoto m'mbali mwa msewu pakati pa magalimoto awiri, osakhudza mtsetse wa simenti. Miyezi inayi yonse anali asanaimikepo bwino chotero. A Mabuleki anaona zimenezo ngakhale mutu unali kuzungulira, ndipo anafuna kumuyamikira, koma mayiyo anali ataimba kale foni kusukulu.

Mwini sukulu ndi mwana wamkazi wa amene anawalemba ntchito kalelo. Chiwongolero anachiphunzira kwa a Mabuleki omwewo. Anawakhazika muofesi, kuwapatsa madzi, n'kutenga makiyi patebulo kuwaika m'dirowa.

"Amalume, sindikukuchotsani ntchito. Mundibweretsere kalata ya adokotala yonena kuti mungathe kukhala pampando uja, makiyi ndi anu tsiku lomwelo."

"Ndi njala chabe. Sindinadye m'mawa."

"Ndiye adokotala akalembe kuti ndi njala."

Kuchipatala anapita ndi akazi awo. Namwino anawagwira pamkono n'kuyang'ana wotchi. Anasiya, kugwiranso, kenaka anatuluka. Dokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo wotsiriza. Anawamvetsera m'chifuwa nthawi yaitali, anawagoneka pabedi, kuwamata timawaya, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokwera ndi kutsika.

"Bambo, mtima wanu nthawi zina umagunda mosalongosoka," anatero. "Namwino waumva ukudumpha, inenso ndaumva pang'ono. Koma pamene timaulemba papepalali unali utakhazikika kale. Vutoli lili ndi mitundu ingapo. Wina ndi wongokhala nawo, wina umafuna mankhwala msanga. Sindingakupatseni mankhwala mongolota. Ndiyenera kuuona ukuchita zimenezo."

Anatulutsa kachipangizo kakakulu ngati sopo, kokhala ndi mawaya asanu. Namwino anawameta tsitsi la pachifuwa malo asanu, kumata mawaya aja, kachipangizoko n'kukapachika palamba. Anawapatsanso kabuku kolembamo nthawi iliyonse imene amva zachilendo.

"Masiku awiri," anatero dokotala. "Kazilemba kugunda kulikonse, usana ndi usiku. Muzichita zonse zimene mumachita masiku onse, kupatula kusamba ndi kukhala pa buleki."

"Nanga kalata?"

"Tikaona zimene kalemba."

Mawu ena onse anawadutsa a Mabuleki ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu, koma awa anakhala. Tikaona zimene kalemba. Anayang'ana kachipangizo kali palamba pawo, ndipo anakazindikira. Anthu otere anakhala nawo moyo wawo wonse: okhala chete pambali pako, osaseka, osayankha moni, cholembera chili m'manja. Ameneyu anali woyesa. Kusiyana kwake kunali kwakuti uyu sakutsika pakatha mphindi makumi awiri.

Ndipo za kupambana mayeso, ndani mumzinda monse akanawaphunzitsa a Mabuleki?

Amakhala m'nyumba ya pamwamba, masitepe makumi awiri ndi awiri. Tsiku limenelo anawakwera ngati anyamula mazira m'thumba, kupumula pa sitepe yachinayi iliyonse. Atalowa anakhala pampando wa pawindo, manja pamaondo, ndipo sanatsikenso. Tiyi amamwa makapu asanu patsiku, wakuda bii. Anamukana. Madzulo ake pawailesi panali mpira wa timu yawo imene imawakweza magazi chaka chilichonse. Anapempha kuti wailesi izimitsidwe. Akafuna kupita kuchimbudzi amadzuka m'magawo atatu, n'kuyenda mogwira khoma. Ngakhale kuyetsemula amakubweza.

Akazi awo poyamba anakondwa. Anati bambo aphunzira kumva. Koma m'mawa mwake anayamba kuwayang'ana ndi diso la pambali.

M'nyumba mwawo muli tebulo laling'ono limene akhala akukanganirana chikwatirane. Mayi amalifuna pafupi ndi khomo, bambo amati limapinga njira. M'mawa umenewo mayi analikoka dala, mokhukhuluza pansi, mpaka pakhomo.

"Ndaliika apa tebuloli, bambo."

"Lakhala bwino."

Mayi anaima kakasi, manja m'chiuno. Anayesanso.

"Jekete lanu lija la bulawuni ndikufuna ndipatse mlonda."

"Mupatseni."

"Mchemwali wanga akuti abwere adzakhale nafe miyezi itatu."

A Mabuleki anatseka maso, kupumira m'kati pang'onopang'ono, kutulutsa pang'onopang'ono. "Abwere. Nyumba ndi yawo."

Mayi analowa kukhitchini, kutseka chitseko, n'kuimbira mchimwene wawo. Khoma ndi lopyapyala, a Mabuleki anamva zonse. "Achimwene, bwerani msanga. Alamu anu akutisiya. Akuvomera chilichonse."

Mlamu wawoyo ndi makaniko, ndiye amakonza magalimoto a sukulu ija. Anafika masana ndi ovololo yake yamafuta, kupuma wefuwefu chifukwa cha masitepe. Anaima pakati pa chipinda n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ee, alamu! Mawaya onsewa? Ndibweretse batire tikujampeni?"

"Khalani pansi, alamu."

"Tsegulani boneti tione. Iii, mpaka akumetani mawangamawanga ngati galu wa nkupe."

Masiku ena a Mabuleki akanabweza, chifukwa pa chipongwe cha pachilamu satsalira. Anangomwetulira pang'ono, kumwetulira kosafika ndi m'mano momwe. Makaniko anayesa nkhani ya mpira, kunena kuti timu yawo ija yagonja ndi zigoli zinayi ndipo goloboyi anali ngati wagwira mwana. Anayesa kunyoza kayendetsedwe ka ophunzira awo, amene amamutherera kilachi mwezi ndi mwezi. Zonse zinagwera pamwala. Potuluka ananong'oneza mlongo wake pakhomo: "Munthuyu sakudwala. Akubisala."

Masiku awiri anatha. Mtima sunapunthwe ngakhale kamodzi. Kabuku kanabwerera koyera mbee. Atabweza kachipangizo anasamba nthawi yaitali, ndipo tsiku lokamva zotsatira anavala tayi.

Dokotala anayang'ana pakompyuta, kutsitsa, kukweza, kutsitsanso.

"Palibe chimene chaoneka."

A Mabuleki anawongola tayi. Anayang'ana akazi awo pang'ono.

"Koma ndili ndi funso, bambo. Munthu akamayenda, akamakwera masitepe, akamaseka, mtima umakwera. Pano sindikuona phiri ngakhale limodzi. Masiku awiri onsewa ndi mtima wa munthu wogona. Munali kuti?"

"Kunyumba."

"Mukuchita chiyani?"

"Zapakhomo."

"Zapakhomo ziti?" analowererapo mayi. "Adokotala, anali chikhalire pampando ngati chithunzi cha pakhoma. Tiyi ayi, wailesi ayi, kukangana ayi. Ine mpaka ndinayamba kuganiza za anthu oti ndiwadziwitse."

Dokotala anavula magalasi. Anafunsa ntchito yawo kachiwiri, ngakhale inali yolembedwa pafayilo, ndipo atamva anagwira pakamwa kubisa kuseka.

"Ndiye mumafuna kukhoza."

Dokotala anavalanso magalasi.

"Simunakhoze, bambo, ndipo simunalephere. Simunalembe n'komwe. Ine sindikufuna kukugwetsani. Chimene chinakugwirani pamaloboti chija chikadalipo, kungoti mwachibisa bwino. Kalata sindingalembe pa chinthu chimene sindinachione. Mutandibweretsera mapepala oyera khumi, onse ndingowaika mufayilo."

Anawapatsa kachipangizo kena, kakang'ono, ka mawaya awiri, kotha kuchotsa posamba. Pakati pake panali batani limodzi. Anawabwezeranso kabuku kaja.

"Aka kamamvetsera nthawi zonse, koma sikasunga kanthu mpaka mutadina apa. Mukamva zija, dinani, kasunga za mphindi imeneyo. Masiku asanu ndi awiri. Mumwe tiyi wanu, mukwere masitepe anu, mukangane ndi amayiwa. Kuntchito muzipita, koma muzikhala kumbuyo, pa buleki pakhale wina."

Pobwerera anawatenga mlamu wawo pa kagalimoto kake ka kugalaja. Mayi anamufotokozera zonse, osasiya ndi tayi yomwe. Makaniko anaseka mpaka kumenya chiwongolero.

"Alamu, inu ndi makasitomala anga ndinu amodzi. Munthu amabwera, akuti galimoto ikulira kutsogoloku. Ndikakwera naye kuti ndimve, amayendetsa mwaulemu ngati wanyamula mkwatibwi, mabampu onse kuwazemba. Phokoso zii. Ndiye ndikonze chiyani? Amabwerera nalo phokoso lake, mpaka tsiku lina tayala limamupitirira pamsewu, iye n'kumadabwa kuti tayala ilo ndi la ndani."

"Yang'anani kutsogolo," anatero a Mabuleki. "Mwadutsa mzere."

"Eya! Achira!" anafuula makaniko.

Amene anakhala pa buleki ndi mphunzitsi mnzawo, bambo wamtali amene onse amamutcha Wailesi, chifukwa chiyambire m'mawa satseka pakamwa. Si mphunzitsi woipa. Kungoti amaphunzitsa uku akufotokoza za apongozi ake, za mtengo wa matayala, za dzino limene linamuvuta chaka chatha, ndipo amakonda kuyang'ana munthu amene akumuuza nkhani.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi a Mabuleki anali asanakhalepo kumbuyo kwa galimoto imeneyi. Anapeza kuti kumbuyo msewu umabwera mochedwa. Umaona khosi la wophunzira, khutu la Wailesi, ndi kachidutswa ka msewu pakati pawo. Phazi lawo limadzuka lokha, kufuna buleki, n'kupeza kapeti.

Masiku atatu oyamba anachitabe ukathyali pang'ono. Tiyi anamwa, masitepe anakwera, koma galimoto ikayandikira malo ovuta amatseka maso n'kumawerenga m'mutu mayina a zizindikiro za pamsewu. Mtima unakhala phee. Batani silinakhudzidwe. Mumtima mwawo munali kamawu konena kuti mwina pepala loyera lachiwiri lidzamufewetsa dokotala uja.

Tsiku lachinayi inali nthawi ya telala. Wailesi anamutengera kuchitunda cha kuseri kwa msika, kumene magalimoto amaima pamzere kudikira kulowa mumsewu waukulu. Kunyamuka pachitunda ndiko kunamugwetsa mayiyu mayeso onse awiri. A Mabuleki amadziwa chimene amachita: amatsitsa buleki ya pamanja msanga, kilachi isanagwire. Amadziwanso kuti mantha akamugwira amaponda kilachi mpaka pansi n'kuuma gwa.

Anaima pakati pa chitunda. Kumbuyo kwawo kunaima lole yodzaza njerwa, pafupi kwambiri, moti a Mabuleki atacheuka anangoona chitsulo cha bampala ndi dzimbiri lake. Anafuna kutseka maso. Maso anakana.

"Ndiye madala," Wailesi anatembenuka, mkono pamsana pa mpando, "apongozi anga aja akuti firiji imene ndinawagulira ikuzizira kwambiri. Mwamva? Firiji ikuzizira kwambiri! Ndiye ine ndinati..."

Galimoto ya kutsogolo inanyamuka. Telala anatsitsa buleki ya pamanja. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo, mwakachetechete, ngati ikuzemba.

Phazi la a Mabuleki linamenya kapeti. Linamenyanso.

"Buleki! Iwe Wailesi, buleki!"

Liwu limenelo anali asanalitulutsepo m'galimoto. Wailesi anaponda. Onse anagwedezekera m'mbuyo, injini inazima, lole inaliza hutala yaitali. Pakati pa bampala ndi galimoto panatsala malo olowa chikhatho.

"Ndinaona, madala, ndinaona," anatero Wailesi. "Ndimafuna adziwombole yekha."

A Mabuleki sanamumve. M'chifuwa zinali zitayamba. Sikunali kugunda kwa mantha kumene munthu aliyense amakudziwa, kothamanga koma kolongosoka. Uku kunali kuja: kuthamanga, kupunthwa, kuiwala, kuthamanganso. Khosi la telala linaoneka pawiri.

Dzanja lawo linalowa pansi pa jekete n'kupeza batani. Linaima pamenepo.

Palibe amene amawayang'ana. Wailesi anali kukambirana ndi dalaivala wa lole pawindo, nkhani ya amene anayandikira mnzake. Akangokhala chete mphindi zingapo zidutsa, monga zimadutsira. Masiku atatu otsalawo akanatha kuwasamala.

Kenaka anaona manja a telala pachiwongolero. Mayiyu ali ndi ana atatu, ndipo galimoto akuiphunzira kuti azinyamula yekha mayunifolomu a sukulu amene amasoka. Miyezi inayi wakhala akubwerera m'mbuyo pachitunda chimenechi mopanda mantha enieni, chifukwa amadziwa kuti pambali pake pali phazi limene silichedwa. A Mabuleki anayang'ana phazi lawo lili pakapeti. Anayesa kuligwedeza. Linamvera, koma mochedwa, ngati uthenga wadzera kwina.

Anadina.

Kachipangizo kanalira kamodzi, tii.

"Foni ya ndani?" anafunsa Wailesi.

"Mayi," anatero a Mabuleki, "nthawi ili bwanji?"

Telala anawayang'ana pagalasi. Anawayang'anitsitsa, kenaka ananena nthawi. Anasolola pensulo imene imakhala m'tsitsi mwake n'kuipereka kumbuyo. A Mabuleki anatsegula kabuku patsamba loyamba, kukatsamiritsa pabondo, n'kulemba ndi zilembo zokhota: Chitunda. Mtima ukudumpha. Chizungulire. Phazi lochedwa.

Mawu awiri otsirizawo anawayang'ana nthawi yaitali. Pensulo inali ndi labala kumapeto. Anaibweza kwa mwini wake osafufuta.

M'masiku otsalawo anadina katatu. Kamodzi pamasitepe, atanyamula ndowa ya madzi. Kamodzi atakangana ndi akazi awo za mchemwali uja, amene anali atagula kale tikiti ya basi. Mayi anaima pakati pa mawu, kudikira kuti alembe nthawi m'kabuku, n'kupitiriza pomwe anasiyira. Kachitatu sanali kuchita chilichonse. Anali pampando wa pawindo, manja pamaondo, monga anakhalira masiku awiri aja. Chimenechi chinawadabwitsa kuposa zonse.

Tsiku lokamva zotsatira tayi anaisiya. Anali atayamba kale kuganiza kumene angaike kapu yawo ya kuntchito, ndi mawu amene angamuuze mwini sukulu kuti asalire.

Dokotala anawerenga kabuku kaye, masamba onse, kenaka anatembenuza kompyuta kuti aone.

"Uwu ndi mtima wanu pa masiku abwino." Mizere inali yotalikirana mofanana, ngati mizati ya magetsi. "Uwu ndi pachitunda." Apa mizati inali itabzalidwa ndi munthu woledzera: itatu pamodzi, danga, iwiri, danga lalikulu.

A Mabuleki anayang'ana pansi.

"Zikomo, bambo," anatero dokotala. "Izi ndi zimene ndimafuna."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akujambula papepala. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba nthawi zina zimasiya kupopa bwino n'kumangonjenjemera, ndiye zam'munsi zimasokonezeka, kuthamanga mopanda dongosolo. Chizungulire chimachokera pamenepo. Choopsa chake chenicheni si kudumphako, koma magazi amene angaundane m'chipinda chonjenjemeracho n'kupita kumutu, munthu n'kuchita sitiroko.

"Chikanakhala chobisikabe, chimenecho ndicho ndimaopa. Tsopano tachidziwa. Ndikupatsani mankhwala awiri: ena oletsa magazi kuundana, ena ogwira mtima kuti usathamange. Osadumphitsa tsiku. Anthu ambiri a msinkhu wanu ali nalo vutoli, ndipo akugwira ntchito zawo."

"Ntchito zawo," anabwereza a Mabuleki.

"Mumwe mankhwala masabata anayi. Muvalanso kachipangizoka sabata yotsiriza. Chizungulire chikapanda kubwera ndipo mtima ukamvera mankhwala, kalata ndilemba. Mukadzamva kupweteka m'chifuwa, kapena kukomoka, kapena dzanja kufooka, musadikire tsiku, mubwere pomwepo."

A Mabuleki anagwedeza mutu kangapo. Atatuluka m'chipindamo anakhala pabenchi la pakhonde. Akazi awo anakhala pambali pawo, chikwama pamiyendo.

"Mukumva bwanji, bambo? Ndiitane namwino?"

"Ndili ndi njala."

"Njala yeniyeni, kapena ija munamunamiza mwana uja kuofesi?"

"Yeniyeni."

Ndipo anadya, pakantini ya chipatala pomwepo, mbale yawo ndi theka la mbale ya mayi.

Masabata anayi aja anawathera kumbuyo. Mankhwala sabata yoyamba amawalemetsa miyendo, dokotala anachepetsa pang'ono, zinakhala bwino. Namwino anawaphunzitsa kudzigwira pamkono ndi zala ziwiri n'kuwerenga. Mtima unadumphabe kawiri, koma mofatsa, ndipo maso sanaone chinthu pawiri. Nkhani ya firiji anaimva mpaka kumapeto, pamodzi ndi ya dzino. Telala anakankhira mayeso ake kutsogolo. Anamuuza Wailesi pamaso kuti iye si woipa, koma makutu ake atopa.

Kalata inali ya mizere isanu. Mwini sukulu anaiwerenga ataimirira, anaiwerenganso atakhala, n'kutsegula dirowa.

"Akuti muzipita kukaonedwa miyezi itatu iliyonse, amalume. Tsiku limenelo ndizikuthamangitsani ndekha."

"Ndamva."

"Ndipo mukamva chilichonse..."

"Ndinena."

Anawayang'ana ngati akufuna kutsimikiza, kenaka anawaponyera makiyi. Anawawakha ndi dzanja limodzi.

Galimoto inali pabwalo, dzuwa la m'mawa likuwala padenga pake. Anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala. Mpando unali kutali, utakankhidwira m'mbuyo ndi miyendo ya Wailesi. Anaukoka dzino limodzi, lachiwiri, lachitatu, mpaka bondo linapindika mmene limafunira. M'thumba la chitseko munali mapepala a maswiti odzaza dzanja. Anawatola onse, kupita nawo kubini, kubwerera. Anapukuta galasi lawo laling'ono ndi mpango.

Kunatsala mphindi zisanu kuti wophunzira woyamba afike. Anapinda mkono wa malaya, kuika zala ziwiri pamtsempha, maso pa wotchi ya galimoto. Anawerenga mphindi yathunthu, milomo ikuyenda.

Wailesi anafika pawindo, kapu ya tiyi m'manja. "Madala, kumbuyo kulibe munthu lero. Ndikwere ndikuperekezeni? Nkhani ya apongozi ija yapitirira."

"Kaphunzitse, Wailesi."

"Mwapeza zingati pamkonopo?"

"Makumi asanu ndi awiri, ndi ziwiri."

"N'zabwino zimenezo?"

A Mabuleki anatsitsa mkono wa malaya n'kumanga batani lake.

"N'zabwino," anatero. "Tachoka pamenepo, ukutchinga galasi."